Buku la Miyezo la Bambo

Lachitatu, pa 11 Novembala, masana, mu shopu.
Alipo ndi ine, mlamu wanu amene akusita kuseri, ndi amayi amene akhala pakhomo pa mpando wa malemu bambo. Amayi akudziwa kuti ndikulembera inu. Zomwe ndikulembazo sakuzidziwa.

Okondedwa achimwene,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinkavuta wamng'ono chinatha? Ife kuno tadzuka bwino. Ana akupita kusukulu, mlamu wanu miyendo ikumutupabe koma akuyenda. Amayi maso onse awiri akuona tsopano. Dzulo analowetsa okha ulusi pa singano, nandiseka kuti wofunika dokotala ndine.

Kalatayi ndampatsa msuweni wathu dalaivala kuti akupatseni pamanja. Pa foni sindikanatha, mawu akanandithawa. Muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Mukukumbukira kuti mu Julayi ndinakuimbirani katatu, pa 6, pa 13 ndi pa 22, za maso a amayi. Dokotala anati Ogasiti akatha osachita opaleshoni, diso lamanja silidzabwereranso. Inu munati zinthu zavuta kumeneko, ndidikire kaye. Sindikukudandaulani ayi. Ndikungofuna kuti zonse ndiziike m'ndondomeko yake.

Mu Julayi momwemo anatsegula ofesi ya mphotho m'nyumba ija munali banki nkhondo isanayambe. Pakhoma la msika anamata zikalata za anthu khumi ndi awiri amene akufunidwa pa zomwe anachita pa nkhondo. Ena anali ndi zithunzi. Mmodzi analibe, anangojambulapo chijasi chachitali cha kolala yofiira. Ameneyu ndi uja anthu ankamutcha Kolala Yofiira, amene anaimitsa basi pa mlatho m'chaka chachitatu cha nkhondo, natsitsa amuna khumi ndi mmodzi omwe sanaonekenso. Nkhope yake palibe anaiona, ankaimanga nsalu. Pansi pake analemba kuti wopereka umboni womugwiritsa adzalandira 600,000.

Ndinawerenga ngati wina aliyense, ndinapitirira.

Lolemba pa 3 Ogasiti ndinatsitsa mabuku akale a bambo. Ndinkafuna maina a anthu omwe sanamalize kulipira, kuti mwina ndikatolereko kangachepe. M'buku la ntchito la chaka chachitatu cha nkhondo, nthawi yomwe ine ndinathawitsira mkazi ndi ana kwa apongozi, ndinapeza mzere uwu m'malembo a bambo: 14 Juni, Njiranjira, chijasi chachitali, kolala yofiira, nambala 212, walipira zonse.

Njiranjira mukumudziwa. Ndi uja wa wilibala yobiriwira pamsika, wofuula kuti njira njira ngakhale mumsewu mulibe munthu. Ndi iye anatinyamulira makina tsiku lomwe tinkasamukira mu shopu ino, nakana ndalama, nangopempha kuti bambo amusokere thumba la buluku.

Achimwene, apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndiunena mosabisa. Inu mukudziwa mmene bambo ankalembera. M'buku la ntchito sankalemba mwini wa chovala. Ankalemba munthu amene wabweretsa nsalu, chifukwa ndiye adzabwere kudzatenga. Mwini weniweni amadziwika ndi nambala, m'buku lina la miyezo. Anandiphunzitsa choncho, ndipo ndi mmene ndimalembera mpaka lero. Wantchito wa m'nyumba akabweretsa diresi ya abwana ake, ndimalemba wantchitoyo.

Ndinkadziwa zimenezi. Buku la miyezo linali mu dirowa ya tebulo lodulira, pansi pa chigongono changa. Sindinalitsegule. Ndinadziuza kuti ine ndingopereka zomwe zalembedwa, ofufuza ndi iwowo, ngati alibe mlandu amutulutsa pakatha masiku awiri kapena atatu. Ndinayang'ana amayi akupapasa khoma kufuna chitseko, ndipo ndinaika buku la ntchito m'jumbo.

Ku ofesi sanandichedwetse. Kalaliki anawerenga mzerewo, anaitana bwana wake, anang'amba tsambalo nalidinda. Anandifunsa ngati munthuyo ndikumudziwa komwe amapezeka. Ndinati pageti la msika, m'mawa uliwonse. Za nambala 212 palibe anafunsa, ine sindinanenenso.

Anamugwira Lachisanu pa 7 Ogasiti, cha m'ma teni koloko. Ndinaona ndili pakhomo la shopu, tepi ili m'khosi. Anali ndi matumba atatu a simenti pa wilibala. Ndinamva akuwapempha kuti akatule kaye katunduyo, mwini wake angamuyese wakuba. Anamukweza m'galimoto, wilibala inatsala pakati pa msewu mpaka masana.

Lachitatu pa 12 Ogasiti ndinasainira 600,000. M'manja anandipatsa 520,000. Kalaliki anati 80,000 ndi ya mapepala ndi zidindo, ndipo ngati sindikufuna ndikhoza kuzisiya zonse. Opaleshoni inachitika pa 19 Ogasiti, inadya 310,000. Mankhwala ndi magalasi 45,000. Lendi ya shopu ya miyezi inayi 120,000. Fizi ya ana 25,000. Zinatsala 20,000, zomwe sindinathe kuzigwira, zinangokhala m'chitini cha mabatani.

Amayi atafunsa komwe kwachokera ndalama, ndinawauza kuti mwatumiza ndinu. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa mu shopu amauzidwa kuti mwana wawo wamkulu anawagulira maso. Amakutchulani m'pemphero asanadye. Bodza limeneli ndi langa, inu mulibemo.

Masiku atatu aja anakhala sabata, sabata inakhala miyezi. Ndinayamba kuzungulira njira ya kuseri kuti ndisadutse pageti la msika.

Lolemba pa 19 Okutobala kunabwera mkazi wa Njiranjira, uja amachapa zovala za anthu. Anabweretsa bulangete lakale ndi malaya a mwamuna wake. Anati m'ndendemo amagona pa simenti ndipo chifuwa chamugwira, ndimusokere jekete lofunda, miyezo nditenge pa malayawo. Anati wabwera kwa ife chifukwa malemu bambo ankamukonda mwamuna wake, ndipo sakudziwa telala wina amene angamudikire malipiro mpaka kutha kwa mwezi. Amayi anamupatsa mpando, namupepesa, nati anthu oipa mtima sadzatha m'dziko. Ine ndinangoweramira pa tebulo ngati ndikufuna choko.

Ndinayala malaya aja. Chifuwa 34. Mapewa 15. Mikono yonse iwiri 22. Dzanja la telala silinama, achimwene. Ndisanamalize kulemba ndinadziwa kuti munthu wa thupi limeneli akavala chijasi chonga chojambulidwa chija, akhoza kupunthwa nacho.

Mayiyo atapita ndinatsegula dirowa. Nambala 212 bambo sanalembepo dzina. Chifuwa 44. Mapewa 19. Mkono wamanja 25. Mkono wamanzere 23 ndi theka, ndipo pamenepo anadula mizere iwiri pansi.

Ndinakhala pansi penipeni, pa zidutswa za nsalu. Kenako ndinabwerera mmbuyo m'buku lomwelo mpaka nambala 88, suti ya ukwati, pomwe bambo analemba kuti mwana wanga wamkulu. Chifuwa 44. Mapewa 19. Wamanja 25. Wamanzere 23 ndi theka.

Mkono umenewo ndikuudziwa kuposa munthu aliyense. Munauthyola mutagwa padenga la sukulu pokanditengera mpira womwe ndinaponya ndine. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, inu khumi ndi ziwiri, ndipo kunyumba munanama kuti mpirawo munaponya nokha kuti ine ndisakwapulidwe. Chiyambire ntchito ino ndayeza amuna ambirimbiri, wina wa mikono yosiyana chonchi sindinamuone.

Nthawi imeneyo tonse tinkadziwa kuti muli kutsidya la malire mukuyendetsa malole. Ndi zomwe munatilembera. Koma tsopano ndikukumbukira kuti nditabwerako kwa apongozi, bambo anali atasiya kufunsa za makalata anu. Wina akakutchulani ankadzuka kukathira mafuta makina omwe anathira kale. Ndinkati ndi ukalamba.

Jekete lija ndinalisoka tsiku lomwelo, ndinaikamo nsalu ina mkati. Lamulungu pa 25 Okutobala ndinapita nalo kundende limodzi ndi mayi uja, ndinanamizira kuti ndikufuna kukaona ngati lamukwana. Tinaima pa mzere maola atatu, anatipatsa mphindi zisanu, waya uli pakati.

Njiranjira sindinamuzindikire msanga. Mano awiri akutsogolo palibe, ndipo amatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lamanja, lamanzere linatseka. Koma atavala jeketelo anazungulira ngati mkwati, nati atelala mwandilemekeza, chibadwire sindinavalepo chovala chondiyeza ine, ndikanadziwa kuti kundende amavala chonchi ndikanabwera kale. Msilikali wolondera mpaka anaseka.

Ndinamufunsa za chijasi. Anati wanena kambirimbiri koma palibe womumvera. Anati pa 14 Juni paja amuna awiri a mfuti anamuimitsa kuseri kwa depoti, anaponya mtolo wa nsalu pa wilibala ndi kapepala ka manambala, nati akapereke kwa telala wamkulu, akatenge Loweruka. Anati mdala, bambo athu, atawerenga kapepalako anafunsa ngati mwini wake akuoneka kuti akudya bwino. Iye anayankha kuti mwini wake sanamuone.

Mphindi zitatsala pang'ono kutha anati pali chinthu chimodzi chokha chomwe amapempha Mulungu, kuti adzamuone amene anamugulitsa. Anati sakufuna kumumenya, mphamvu zake zili kuti. Akungofuna kumufunsa kuti anamugulitsa zingati, chifukwa pamsika palibe anamupatsapo zoposa 500 pa ulendo umodzi, mwina kumeneko mtengo wake unakwerako. Anaseka yekha. Ine ndinagwira waya.

Lachiwiri pa 27 Okutobala ndinabwerera ku ofesi ya mphotho kukanena kuti umboni wanga unali wolakwika. Bwana uja anandiyang'ana ngati ndamubweretsera chovala chong'ambika. Ndinamuuza kuti wogwidwayo chifuwa chake ndi 34 pomwe chijasi chinali cha munthu wamkulu thupi. Anati nkhondo imaonditsa anthu, atelala, ngakhale iye anali ndi mimba kale. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chifuwa chimaphwa koma mkono sumera. Ndinadziluma lilime. Ndinaona nkhope yanu.

Anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, wobweza umboni amabweza kaye mphotho yonse monga anasainira, 600,000, za mapepala zija iye sakuzidziwa. Chachiwiri, mawu apakamwa sangafufute tsamba lodindidwa, pakufunika cholembedwa china choonetsa kuti chijasicho sichinali cha wogwidwayo. Anawonjeza kuti Lachisanu pa 4 Disembala onse ogwidwa pa nkhani za nkhondo akuwasamutsira ku kampu yakutali, komwe achibale saloledwa, ndipo kumeneko fayilo ikalowa imadikira zaka. M'chipinda chomwe muli Njiranjira muli anthu makumi anayi ndi atatu. Pa zikalata zija panali khumi ndi awiri okha.

Lamulungu pa 1 Novembala ndinapita kunyumba kwa mkazi wa Njiranjira. Tinalipo atatu, ine, mlamu wanu ndi iyeyo. Mlamu wanu ndinali nditamuuza dzulo lake, analira, kenako anati tiyeni, mukapita nokha mukabwerera panjira. Mayiyo tinamupeza akuyanika zovala. Ndinanena zonse za tsamba ndi za mphotho nditaimirira, chipewa chili m'manja.

Sanakuwe, sanatukwane. Anamaliza kuyanika shiti yomwe inali m'manja mwake, anaikapo mapegi onse. Anafunsa kuti zinali zingati. Ndinamuuza. Anafunsa ngati agogo akuona bwino tsopano. Ndinati akuona. Anati chabwino, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Kukanakhala bwino akanandiponya mwala.

Lachinayi pa 5 Novembala anabwera ku shopu amayi atapita kuchipatala kukaonetsa maso. Anaika 38,000 pa tebulo lodulira. Wagulitsa wilibala. Ndinakana, ndinati zimenezi sizingatheke. Anati musadzinamize atelala, sindikuthandiza inu, ndikuombola mwamuna wanga kwa anthu omwe munamugulitsako, ndipo mudzandibwezera mpaka yomaliza. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinamulembera lisiti.

Za nambala 88 sindinamuuze. Mlamu wanu yekha ndiye akudziwa.

Ndagulitsa makina amagetsi aja pa 210,000, ndatsala ndi opalasa a bambo. Njinga yapita pa 55,000. Mlamu wanu wagulitsa kabati ndi foni yake, zakwana 72,000. Kuphatikiza 20,000 ya m'chitini ndi 38,000 ya wilibala, zomwe ndapereka ku ofesi ndi 395,000, ndipo ulendo uno ndinaumirira lisiti yodinda.

Tsopano ndifike pa chomwe ndalembera. Loweruka lapitali ndinatenga lezala kuti ndichotse tsamba la nambala 88, ndikapereke buku lili ndi 212 yokha. Ndinaika lezala pamsoko, dzanja linakana. Ndi malembo a bambo. Ndiponso ndinaona kuti sizingathandize. Akangowerenga za mkono wamanzere adzafunsa mumsewu uno kuti ndani ali ndi mkono wotero, ndipo palibe wamkulu amene sakudziwa. Ngakhale ometa tsitsi paja ankakutchani Mkono Umodzi ndi Theka.

Ndayesa njira zonse m'mutu mwanga. Ndikabisa bukuli, Njiranjira akwera galimoto pa 4 Disembala, ndipo ndi chifuwa chimene chija sindikhulupirira kuti adzabwerako. Ndikalipereka, dzina lanu likwera pakhoma la msika, ndipo amayi adzaliwerenga okha ndi maso omwe akuti munawagulira.

Achimwene, Lolemba pa 30 Novembala ndidzapita nalo bukuli ku ofesi, lonse, osachotsa tsamba. Ndakuuzani tsiku kuti musadzamve kwa anthu ena, ndiponso kuti musadzati mng'ono wanu anakubayani kumsana. Ndinagulitsa kale munthu mmodzi mwakachetechete. Sindikufuna kubwereza.

Sindikunena kuti munali pa mlatho paja. Ine ndikudziwa manambala okha. Mwina chijasi chinasokedwa pa miyezo yanu koma anavala wina. Mwina anakukakamizani monga anakakamizira Njiranjira. Ngati zili choncho, lembani, munene komwe munali pa 14 Juni ndi amene angakuchitireni umboni, ndidzanyamula kalata yanuyo pamodzi ndi buku, ndidzaima nanu pamaso pa aliyense. Msuweni akubwerera kuno pa 24, mukhoza kumupatsa.

Ngati munali inu, sindikudziwa chomwe ndingakupempheni. Ndinu amene munandiphunzitsa kupalasa njinga, amene munkandisiyira nyama m'mbale mwanu. Ndayesa kukudani masabata atatu awa, zikukanika. Koma amuna khumi ndi mmodzi aja analinso ndi ang'ono awo. Chomwe ndinganene ndi chakuti bwerani mudzanene ndi pakamwa panu, munthu wosalakwa atuluke chifukwa cha mawu anu, osati chifukwa cha tepi ya bambo. Ndipo amayi amve kwa inu. Mukapanda kutero ndidzawauza ndine pa 29, ndisanapite. Sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.

Za ndalama, ngati muli nako kangachepe tumizani, sindichita manyazi kupempha, pakuti popanda kumaliza kubweza bukulo salilandira n'komwe. Mukalephera ndigulitsa makina opalasa, ndizikasoka kwa anthu ena. Lero Njiranjira wakwanitsa masiku 96 m'ndende. Amenewo sindikudziwa kuti ndingamubwezere bwanji.

Amayi andifunsa tsopano lino ngati ndamaliza. Akuti ndikuuzeni kuti muzivala zofunda, ndipo mutumize chithunzi cha ana chatsopano popeza tsopano akhoza kuwaona bwinobwino. Ndawalonjeza kuti ndilemba, ndiye ndalembadi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mlamu wawo amawakumbuka. Ana muwagwire pamutu m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akupatseni mtima wonena zoona, ndipo atikhululukire tonse awiri.

Ine mng'ono wanu,
Telala

Zotsala kubweza kufikira lero: ku ofesi ya mphotho 205,000, kwa mkazi wa Njiranjira 38,000. Zonse pamodzi 243,000.